Kodi kadamsana amadetsadi kunja ngati usiku, nanga ana tiwaonetse bwanji osapweteka maso?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Domasi. Tikuphunzira za dzuwa ndi mwezi, ana anandifunsa za kadamsana. Ine ndimakumbukira wa mu 2001 ndili mtsikana, tikukhala ku Chinamwali mu Zomba. Tinaonera m'beseni la madzi, anyamata ena pa galasi lopaka mwaye wa koloboyi, ndipo agogo anatsekera m'nyumba alamu anga omwe anali oyembekezera. Koma sikunade monga ankanenera pa wailesi, kunangozizira n'kuchita ngati kwa mitambo. Kodi kumadadi? Nanga akadzachitikanso, ana ndiwaonetse bwanji poti magalasi apadera tilibe?

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Mukukumbukira bwino, pa Zomba sikunade tsiku limenelo. Koma a wailesi nawonso sananame. Iwo ankanena za kadamsana wathunthu, pomwe inu munaona woperewera, ndipo ziwirizi zimasiyana kutali kuposa momwe anthu ambiri amaganizira. Nkhani yonse yoteteza maso yagona pa kusiyana kumeneku, ndiye tiyambire pomwepo.

Kadamsana wa dzuwa amachitika mwezi ukadutsa pakati pa ife ndi dzuwa. N'chifukwa chake amachitika pa nthawi ya mdima yokha, mwezi wakale utafa watsopano usanaoneke. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400 m'mimba mwake, koma lilinso kutali pafupifupi ka 400: mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, dzuwa pa makilomita 150 miliyoni. Choncho kumwambaku ziwirizi zimaoneka ngati zofanana kukula, ndipo mwezi umatha kuphimba dzuwa ndendende. Ana anu atulutseni panja muwauze atsinzine diso limodzi, atambasule mkono, abise nsonga ya phiri la Malosa ndi chala chachikulu. Aona kuti kanthu kakang'ono kapafupi kamabisa chinthu chachikulu chakutali. Kenako muwafunse ngati mnzawo amene waima pambali nayenso sakuiona nsongayo. Akuiona bwinobwino, chifukwa chalacho chabisira mwini wake yekha. Mwezi nawo umabisira dzuwa lonse anthu okhawo amene ali pa kamzere kochepa padziko. Ena onse amaona dzuwa lolumidwa mbali, kapena saona kanthu.

Mwana wochenjera adzafunsa kuti bwanji sizichitika mwezi uliwonse. Njira ya mwezi ndi yopendekeka ndi madigiri 5 poyerekeza ndi njira imene dziko limazungulira dzuwa, motero miyezi yambiri chithunzithunzi cha mwezi chimadutsa pamwamba kapena pansi pa dziko osalikhudza.

Pa 21 Juni 2001, lomwe linali Lachinayi, kamzere kaja kanali kosapitirira makilomita 200 m'lifupi. Kanatuluka m'nyanja ya Atlantic n'kulowa ku Angola, kudutsa Zambia kuphatikizapo mzinda wa Lusaka, kumpoto kwa Zimbabwe, kutsika ndi chigwa cha Zambezi ku Mozambique, n'kukathera ku Madagascar. Zomba anatsala kumpoto kwa mzerewo. Dzuwa linaphimbika gawo lalikulu ndithu, koma kanatsala kachidutswa, ndipo kachidutswa ka dzuwa si masewera. Dzuwa limawala kuposa mwezi wathunthu pafupifupi ka 400,000. Ndiye ngakhale litaphimbika magawo 99 pa 100, gawo limodzi lotsalalo likuwalabe kuposa mwezi wathunthu ka 4,000. Ndi chimene chinachititsa kuti inu muone ngati kwa mitambo chabe. Munthu amene waona dzuwa litaphimbika magawo 99 sanaone "pafupifupi kadamsana wathunthu". Waona chinthu china.

Ine tsikulo ndinali ku Lusaka, ndipo ndikufotokozereni momwe zimayendera kuti mukawauze ana zoona.

Ola loyamba ndi lotopetsa. Mwezi umayamba kuluma dzuwa m'mphepete, ndipo popanda magalasi simungadziwe n'komwe kuti chilipo chikuchitika, chifukwa maso amazolowera kuchepa kwa kuwala pang'onopang'ono. Anthu amacheza, ena kugula chimanga chootcha, ana kuyamba kunyong'onyeka. Zinthu zimasintha kukatsala mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Kuwala kumachita mbuu, kosafiira ngati kwa madzulo, kongofooka chabe, ndipo khungu la anthu ndi masamba zimaoneka zotuwa. Chithunzithunzi chanu pansi chimathwa m'mphepete mpaka kuona tsitsi limodzilimodzi. Kamphepo kozizira kamayamba. Mbalame zimathamangira m'mitengo, nkhuku zimalunjika kukhola, ndipo tizilombo tolira usiku timayamba nyimbo zake 3 koloko masana. Apa ngakhale munthu wodziwa masamu ake onse amamva kanthu m'mimba, poti thupi silinaphunzire sayansi.

Masekondi omaliza amathamanga. Mukayang'ana kumadzulo mumaona mdima ukubwera ngati chimvula chopanda mitambo. Ndi chithunzithunzi cha mwezi chimenecho, chikuthamanga kuposa makilomita 1,600 pa ola. Kachidutswa komaliza ka dzuwa kamaduka kukhala timadontho towala, chifukwa m'mphepete mwa mwezi muli mapiri ndi zigwa ndipo kuwala kukudutsa m'zigwamo mokha. Timadonthoti anatitcha dzina la Francis Baily, Mngelezi amene anatifotokoza mu 1836. Kenako pamatsala kadontho kamodzi kowala kwambiri pa mkombero wopyapyala, kamene amati mphete ya dayamondi. Nako kamazima.

Pamenepo ndi pomwe mumavula magalasi. Pamalo pa dzuwa pamakhala chibowo chakuda bii, chakuda kuposa thambo lozungulira, ndipo kuchokera m'mphepete mwake mumatuluka kuwala koyera, kofewa, kotambalala ngati ulusi wopesedwa. Umenewo ndi mpweya wakunja wa dzuwa, umene akatswiri amati corona. Ulipo masiku onse, ndipo ndi wotentha kuposa madigiri miliyoni imodzi, koma kuwala kwa dzuwa kumaubisa. Kuwala kwake n'kofanana ndi kwa mwezi wathunthu, ndiye maso saopa kanthu. M'mphepete mwa chibowocho mumaoneka timalawi tofiirira, tomwe kwenikweni ndi mitambo ya mpweya woyaka yaikulu kuposa dziko lathuli. Nyenyezi zowala kwambiri ndi mapulaneti monga Nthanda kapena Jupiter zimatuluka.

Kodi kumada ngati usiku? Osati ngati pakati pa usiku. Kumada ngati nthawi ija dzuwa litalowa kalekale, pomwe nkhope ya munthu mukuizindikirabe koma kuwerenga buku kukuvuta. Chodabwitsa n'choti m'munsi mwa thambo mumakhala chikasu chofiirira mbali zonse, kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera, chifukwa kutali uko kunja kwa chithunzithunzi dzuwa likuwalabe. Anthu amakuwa, amayi amalulutira, ena amangoti kakasi misozi ili mbwembwembwe osadziwa chowaliritsa. Ku Lusaka zinatenga mphindi zitatu ndi masekondi ochepa. Kadamsana wathunthu sangapitirire mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri ndi theka kulikonse padziko, ndipo ambiri amathera pa ziwiri, zitatu kapena zinayi. Kadontho kowala kakangotulukira mbali inayo, magalasi abwerere kumaso pomwepo, osadikira kuti muonekonso kamodzi.

Nthawi yochepa imeneyi yathandiza sayansi kwambiri. Mpweya wa helium, womwe amapopera m'mabaluni, unayamba kudziwika pa kuwala kwa dzuwa mu 1868, chaka chomwe akatswiri anakaonera kadamsana ku India, usanapezeke pansi pano. Pa 29 Meyi 1919 Arthur Eddington anajambula nyenyezi zoyandikana ndi dzuwa lophimbika ali pa chilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa konkuno, n'kupeza kuti kuwala kwa nyenyezi kumapindika podutsa pafupi ndi dzuwa monga ananenera Albert Einstein.

Tsopano za maso, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Lamulo ndi limodzi: bola kachidutswa ka dzuwa kakuoneka, ngakhale kochepa ngati chikhadabo, musaliyang'ane ndi maso osatetezedwa. Kwa inu amene muli pa Zomba kunja kwa mzere, ndiye kuti nthawi yovula magalasi palibe, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Dzuwa la pa kadamsana silitulutsa cheza chachilendo. Ndi dzuwa lomweli la masiku onse. Chimene chimasintha ndi khalidwe lathu. Tsiku wamba munthu akaliyang'ana amaphethira n'kutembenuka yekha, koma tsiku la kadamsana amadzikakamiza kuliyang'anitsitsa, ndipo poti kunja kwachita mdima pang'ono kamwana ka diso kamatseguka kwambiri. Diso limasonkhanitsa kuwalako pa kamalo kakang'ono ka kuseri kwake, pa kachikopa kotchedwa retina, pomwe timaonera zinthu zing'onozing'ono monga zilembo ndi nkhope. Choopsa n'choti kachikopaka kalibe mitsempha yomva ululu. Mwana akhoza kuvulala akuseka. Zizindikiro zimabwera patapita maola angapo kapena m'mawa mwake: kadontho kakuda kapena kotuwa pakati penipeni pa chimene akuyang'ana, mizere yowongoka kuoneka yokhota, mitundu kusintha. Ambiri amapezako bwino pakapita milungu kapena miyezi, koma ena kadonthoko amakhala nako moyo wonse, ndipo palibe mankhwala kapena opaleshoni yobwezeretsa malo owonongekawo. Mwana akadandaula zotere, mupite naye ku Zomba Central Hospital akamuyeze maso, osamuthira mankhwala a zitsamba kapena ogula pa msika.

Beseni la madzi lija silitetezanso. Madzi amabweza gawo lochepa la kuwala, inde, koma gawo lochepa la dzuwa ndi lambiri kale kwa diso, ndipo kuwalako pokhala kopiririka munthu amayang'ana nthawi yaitali. Galasi la mwaye ndi loipa kuposa pamenepo chifukwa mwaye sugwira mofanana. Pena pakhuthala, pena papyapyala, ndipo chala chikangokhudza pamatseguka kanjira. Zina zosayenera ndi magalasi akuda a dzuwa ngakhale mutasanjikiza atatu, filimu ya ekisileyi yakuchipatala, CD, pepala lonyezimira la m'paketi ya bisiketi, botolo lakuda ndi jumbo lakuda. Zonsezi zimachepetsa kuthobwa m'maso, ndiye munthu amadzimva wotetezeka, koma zimalola kuwala kokwanira kuvulaza, kuphatikizapo kuwala kumene maso saona. Kuti inu munapulumuka mu 2001 sizikutanthauza kuti njirayo inali yabwino. Mwina munangosuzumira mwachidule.

Zoyang'anira dzuwa mwachindunji zodalirika ndi ziwiri. Choyamba ndi magalasi a kadamsana olembedwa ISO 12312-2. Powayesa, valani muli m'nyumba: musaone kanthu kalikonse, mwina kupatula babu lowala kwambiri lomwe lingaoneke mwa apo ndi apo. Ngati mukuona mipando ndi anthu, ndi abodza, ngakhale atadinda nambalayo, poti kudinda n'kosavuta. Okandika kapena obooka atayeni. Chachiwiri ndi galasi la amisiri owotcherera zitsulo la nambala 14, kapena osatsika pa 12. Koma samalani, magalasi ambiri amene amisiri athu amagwiritsa ntchito ndi otsika kuposa pamenepo, ndipo ngati nambala siikuoneka musalitenge. Chenjezo lina lalikulu: musavale magalasi a kadamsana n'kusuzumira pa makina oonera kutali kapena pa kamera yokoka zinthu. Makinawo amasonkhanitsa kuwala kochuluka moti kamabowola magalasiwo n'kuotcha diso m'kanthawi kosakwana sekondi. Chotchingira chimayenera kukhala kutsogolo kwa makinawo, osati kumaso.

Kwa kalasi yodzaza ngati za kwathu kuno, ine sindikulangizani magalasi n'komwe, ngakhale wina atakupatsani awiri kapena atatu. Amabweretsa kulimbirana, ndipo amene akudikira pa mzere ndi amene amaba kuyang'ana kumwamba. Njira yabwino ndi yoti ana onse apereke msana ku dzuwa, aziona chithunzi chake pansi kapena pakhoma.

Yophweka kwambiri siifuna ndalama. Pitani nawo pansi pa mtengo wa masamba ambiri, kaya mango kaya mkesha, pomwe kuwala kumagwa pansi m'timadontho. Tsiku wamba timadonthoto ndi tozungulira chifukwa kalikonse ndi chithunzi cha dzuwa. Pa kadamsana tonse timasanduka timiyezi tolumidwa, mazanamazana, pansi ponse. Yalani nsalu yoyera kapena mapepala kuti tioneke bwino. Ana amakondwa nazo kuposa magalasi. Chipande chobowola chija chokazingira mandasi, kapena lichero lakale lokhala ndi timipata, chimachitanso chimodzimodzi mukachigwira m'mwamba pang'ono pamwamba pa pepala.

Mwana aliyense akhozanso kukhala ndi chake. Atenge kachidutswa ka katoni, abowole kabowo kamodzi kosalala ndi singano yokulirapo kapena kamsomali kakang'ono, aime dzuwa lili kumsana, agwire katoniyo cha paphewa, ndipo kuwala kodutsa pa bowolo kugwere pa pepala loyera patsogolo pake. Pa mtunda wa mita imodzi chithunzi cha dzuwa chimakhala pafupifupi sentimita imodzi. N'chaching'ono, koma kulumidwako kumaoneka. Bwerezani kangapo kuti bowolo si losuzumirapo, chifukwa mwana akapatsidwa chinthu chobowola nzeru yoyamba ndi kuikapo diso.

Njira imene ndimaikonda pa sukulu ndi ya kalilole. Tengani kagalasi kodziyang'anira, kaphimbeni ndi pepala lokhala ndi bowo la kukula ngati batani la malaya, kaikeni panja padzuwa, ndipo lozetsani kuwala kwake kudzera pakhomo kapena pazenera mpaka pakhoma la m'kalasi mwamdima. Kalilole akakhala pa mtunda wa mamita 10, dzuwa lidzaoneka pakhoma lalikulu pafupifupi masentimita 9, ndipo kalasi yonse idzaonera itakhala pansi, inu mukuona nkhope zawo zonse. Kaliloleyo agwire mphunzitsi, kapena amangidwe pa mpando, ndipo pasakhale mwana wodutsa m'njira ya kuwalako ataloza maso komweko. Dziko likamazungulira chithunzicho chimasuntha, ndiye muzikonza pakapita mphindi zingapo. Yesererani lero lino, simukusowa kadamsana kuti muone ngati zikugwira.

Za alamu anu aja, agogo anachita mwa chikondi, ndipo kumuika munthu m'nyumba kumatetezadi maso, ndiye sindiwanyoza. Koma kadamsana alibe chochita ndi mwana ali m'mimba, sawononga chakudya chophikidwa nthawi imeneyo, ndipo madzi a pamjigo sasanduka poizoni. Ndi chithunzithunzi chabe chikudutsa. Mayi woyembekezera akhoza kuonera monga wina aliyense, malinga atsate malamulo omwewa. Umboni woti si malodza ndi woti tsiku ndi mphindi zake zimawerengeredwa zaka mazana zisanafike. Pali ngakhale kabwerezedwe kake ka zaka 18 ndi masiku 10 kapena 11: wa 21 Juni 2001 anabweranso pa 2 Julayi 2019, koma ulendo uno ku Chile ndi Argentina, chifukwa pa zakazo pamaonjezekera maola 8 omwe dziko limakhala litazungulirako. Wa 4 Disembala 2002, yemwe anadutsa m'mawa ku Angola, Botswana, Zimbabwe, South Africa ndi Mozambique ndipo kuno tinamuona woperewera, anabwereza pa 14 Disembala 2020 kumaiko omwewo a South America.

Ana asasokoneze ndi kadamsana wa mwezi, monga uja wa usiku wa 27 Julayi 2018 pomwe mwezi unafiira kwa ola ndi mphindi 43. Ameneyo muzimuyang'ana momwe mungafunire, alibe vuto. Koma pali mtundu wina wa dzuwa womwe umanyenga anthu, woti mwezi uli kutali pang'ono ndi dziko ndipo umalephera kuphimba dzuwa lonse, n'kusiya mphete yamoto kuzungulira. Wotere anadutsa kumwera kwa Tanzania, m'chigawo cha Mbeya, pa 1 Sepitembala 2016. Pa ameneyo palibe mphindi yovula magalasi ngakhale muli pakati penipeni pa mzere.

Kadamsana wathunthu amachitika penapake padziko pafupifupi miyezi 18 iliyonse, koma malo amodzi amadikira zaka pafupifupi 375 pa avereji. Ndiye wofuna kumuona asadikire pakhonde, anyamuke. Pa 2 Ogasiti 2027 mzere ukudutsa Morocco, Algeria, Tunisia, Libya, Egypt mpaka Somalia, ndipo kufupi ndi Luxor mdima wake ndi wa mphindi zoposa zisanu ndi chimodzi. Kumeneko n'kutali kwa thumba la mphunzitsi. Wotiyandikira ndi wa 25 Novembala 2030, wodutsa Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, ndipo mizinda ya Windhoek ndi Durban ili mkati mwa mzere. Basi ya ku Joni timaidziwa tonse. Ngati mungathe kusunga pang'onopang'ono, maganizo anga ndi oti mupite, ndipo musankhe mbali youma ya kumadzulo osati kugombe la Durban, chifukwa mtambo umodzi wokha umatha kumeza ulendo wonse.

Otsala pa Zomba tsikulo adzaona dzuwa lolumidwa mbali cha m'ma 7 koloko m'mawa. Musavutike kukwera ku Chawe kapena ku Emperor's View pa phiri la Zomba poganiza kuti pamwamba mpoonekera bwino. Kumapeto kwa Novembala mvula imakhala itayamba, ndipo phirili ndi limene limayamba kufunda nkhungu. Bwalo la sukulu lotseguka kum'mawa, moyang'ana ku Chilwa, ndi lokwanira.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawiyo. Tsikulo ndi Lolemba, ndipo kadamsana adzayamba ana ali m'njira kubwera kusukulu, m'timagulu tawo, popanda wamkulu, wina atamva kale kunyumba kuti dzuwa lero lidyedwa. Phunziro la maso likadzadikira asembule ya m'mawa umenewo lidzakhala litachedwa. Mudzaliphunzitsiretu m'sabata yomaliza tsikulo lisanafike, makatoni adzabowoleretu Lachisanu n'kupita nawo kunyumba, ndipo mudzapemphe ahedi kuti uthenga ukafikenso kwa makolo kudzera kwa amfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti kumapeto a sabata imeneyo.